Sikauti Amene Anakana Kuwoloka

Kodi mungalote chifukwa chimene a Jairos Miyanda, munthu amene kale ankawoloka mtsinje wa Luangwa mosambira mfuti ili pamutu, anabwerera pa kamtsinje kongolekeza m'chifuwa?

Zinachitika m'dzinja la 1997. Panali patapita zaka zingapo chibwerere ku Lusaka, kumene madokotala anawachotsa kholingo chifukwa cha khansa. Mawu anatsala komweko, ntchito ya usikauti, yoteteza nyama zakutchire, nayo inathera pomwepo. Mkazi wawo, Doris, anazolowera kuwamva poyang'ana milomo. Tsopano kunsi kwa chibwano chawo kunali kutatulukanso kachotupa kolimba ngati mtedza, ndipo namwino anati apite ku Chipata mosazengereza.

Doris anawakweza panjinga kuchokera ku Nsefu. M'matope ankatsika n'kumakankha, msana ukuwawa. Atafika pa kamtsinje anapeza katadzaza, ndipo galimoto yopita ku Chipata inali tsidya lina, ikuliza hutala.

Anthu ankawoloka atagwirana manja, madzi othamanga akuwawomba pachifuwa n'kumawathovukira kumaso. A Jairos anaima m'mphepete, dzanja lili pa kansalu kamene ankamanga m'khosi.

"Alamu, mwaswera bwanji?" anafuula Abson, mchimwene wake wa Doris, amene ankathandiza anthu kuwoloka. "Inu wothamangitsa mvuu, lero mukuopa madzi osewerera abakha? Bwerani ndikuberekeni!"

"Nanga mukaterereka, achimwene?" anafunsa Doris.

"Tinyowa basi! Angotsina mphuno, atseke pakamwa, tidzuke. Ngakhale mwana amatha zimenezo."

Anthu anaseka. Doris anali atafotokozapo za vuto la mwamuna wake kutchalitchi, kumaliro ndi kuchigayo, moti tsiku limeneli mphamvu zoyambiranso analibe. Anayang'ana kachotupako, kenako madziwo. Galimoto ina sankadziwa kuti idzabwera liti, ndipo mitambo inali ikuderanso kumtunda.

"Atate a Misozi," anatero motsitsa mawu, "tiyese?"

A Jairos anayang'ana kamtsinjeko nthawi yaitali. Anapukusa mutu, ndipo milomo yawo inati, "Tiyeni kwathu."

Galimoto inanyamuka. Doris anatembenuza njinga, mwamuna wake akumutsatira pambuyo.

Chichitidwire opaleshoni ija, a Jairos sankapumiranso m'mphuno kapena m'kamwa. Ankapumira pa kabowo kapakhosi, kuseri kwa kansaluko. Kabowoko sikatsekeka, ndipo madzi akalowapo amapita m'mapapo.