Madzi Amene Agogo Zekiye Sanathire

1.
Kwecha. Kwecha. Lumo pachikopa.

Pansi pa nyumba pali shopu yometera ya Hilmi. Pamwamba pali akazi awiri: agogo Zekiye, apongozi ake a Hilmiyo, ndi Nadide, mwana mmodzi yekhayo wa Hilmi. Pakati pawo pali matabwa okalamba ndi masitepe khumi ndi asanu ndi awiri. Matabwawo sasunga chinsinsi. Lumo likamanoledwa pansi, apamwamba amalimva. Ndiye musamaiwale kuti apansi nawonso ali ndi makutu.

2.
Zimene agogo Zekiye ankanena m'mawa uliwonse akuluka tsitsi la mdzukulu wawo:

usaimbe zenera lili chitsegulire
usaimbe ukutsuka miphika, mkuwa umanyamula mawu
usaseke pamasitepe
usaime pamasitepe
wokuyamikira mawu usamuthokoze
bambo ako akakhala chete, vula nsapato
bambo ako akamwetulira, ndiitane

Agogo, inu mumaopa ngakhale mthunzi wa mphaka, ankatero Nadide.
Mphaka sanaphepo munthu, ankayankha iwo, nkukoka lukolo mwamphamvu.

3.
Ku Uskudar, tsidya lino la mzinda wa Istanbul, munthu akamapita ulendo otsala amathira madzi pakhomo kumbuyo kwake. Upite ngati madzi, ubwere ngati madzi. Ena amathirira msilikali wopita kunkhondo kapena nkhalamba yopita ku Makka. Agogo Zekiye ankathirira Nadide ngakhale akupita kokagula buledi. Jagi yawo yamkuwa inkagona pafupi ndi chitseko, ndipo miyala ya pakhomopo inamera ndere mpaka azimayi oyandikana nawo nkumati tsiku lina padzatuluka achule.

Asekeni. Madzi samanama. Amene wathiridwa amabwera, afune asafune.

4.
Masiku atatu pa sabata Nadide ankakwera sitima yowolotsa anthu kupita tsidya lija, ku Pera, akuti kokaphunzira kusoka. Patatha miyezi inayi agogo anamugwira dzanja nkulitembenuza. Zala zosalala ngati za khanda, popanda pamene singano inabayapo. Anamufunsa kuti kodi tsidya lija amasoka ndi pakamwa.

Ndipo Nadide anatseka zenera nkuyamba kunong'ona, agogo musakwiye mumve kaye, kuli gule wochokera kutali dzina lake tango, mwamuna ndi mkazi amagwirana masana dzuwa likuswa mtengo tiyi ali patebulo, amayenda ngati akuzembera china kenako nkuima dzidzidzi ngati amva phazi la munthu, nyimbo zake zonse ndi za zilankhulo za eni ake koma a Rifat Bey oliza vayolini apeka ina m'chilankhulo chathu ndipo afunafuna mkazi wa kwathu kuno woti aiimbe nkhope ili poyera onse akana onse aopa, ine nditatsegula pakamwa woliza piyano anachotsa manja nkuyang'ana pansi, agogo ndine woyamba

Woyamba kuponda udzu ndiye amanyowa ndi mame.
Mame amauma, agogo.

Kwecha. Kwecha.

5.
Tsiku lina Nadide anabwera masaya akuwala, nkusimba kuti anamulowetsa m'chipinda chotchinga ndi makatani olemera, anamuimiritsa pachoko cholembedwa pansi, ndipo akuimba singano inkalima mizere pambale ya phula. Mbaleyo adzaichulukitsa, izidzagulitsidwa m'masitolo.

Nanga anakubwezera?
Chiyani, agogo?
Mawuwo.

Nadide anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati asadandaule, dzina lake pambalepo palibe, alembapo chilembo chimodzi chokha. Agogo Zekiye sanapiteko kusukulu. Zilembo zakale zopotanapotana zija zinawadutsa, zatsopano zimene boma linali litangobweretsa zinawadutsanso. Koma ichi ankachidziwa: dzina lingabisale kuseri kwa chilembo, mawu alibe mpango.

6.
Melek.

Mwana wa agogo Zekiye, mayi wa Nadide. Ankaimba m'maukwati, kuchipinda cha azimayi okhaokha, zitseko zotseka. Koma makoma ndi makoma. Amuna ometedwa ndevu anayamba kumufunsa Hilmi kuti kodi kunyumba amamuimbiranso chomwecho.

Nadide anali ndi zaka zinayi. Anthu anauzidwa kuti Melek anaterereka pamasitepe.

Mawu aja sanaikidwe m'manda. Anangodikira kuti khosi la mwana likule.

7.
Wometa wa tsidya la msewu atagula galamafoni, makasitomala anayamba kuwolokera kumeneko. Sipanathe sabata, munthu wonyamula katundu anafika pakhomo pa Hilmi atawerama, bokosi kumsana, lipenga likusuzumira paphewa.

Agogo Zekiye analiona ali pazenera. Kukamwa kwakukulu kopanda mano. Hilmi analiika m'shopu, pansi penipeni pa chipinda chawo.

Kuyambira tsiku limenelo agogo ankasenda anyezi atakhala pansi, khutu limodzi kumatabwa. Nyimbo za asilikali. Nyimbo za Agiriki. Mwamuna wolirira duwa. Lero ayi. Lero ayi. Lero ayi.

8.
Lolemba Nadide ananena kuti a Rifat Bey ndi oimba awo akwera sitima yaikulu Lachinayi masana kupita ku Izmir, ndipo kuchokera uko kaya kuti. Amupempha katatu kuti apite nawo. Iye wakana katatu, ndipo Lachinayi m'mawa akawatsazika kudoko.

Agogo anafunsa chimene wakanira.
Ndani azikuthirani mankhwala m'maso? Ndani azikumverani machenjezo anu? Mungafe nawo m'mimba.
Anawapsompsona dzanja nkuliika pamphumi pake.

Mpeni wa agogo unali utaima pakati pa anyezi.

9.
Lachitatu, dzuwa litapendeka pang'ono. Wogulitsa nsomba wina analowa m'shopu ndi mbale yatsopano kukhwapa, nkunena kuti Hilmi Bey, ikani iyi mumve chimene chasokoneza amuna tsidya lija.

Singano. Phokoso ngati mvula. Vayolini.

Kenako Melek anatuluka m'matabwa.

Si Melek. Agogo anadziwa kuti si Melek, chifukwa mwini mawu anali pambali pawo, maso ali mbee, akudzimva koyamba, milomo ikutsatira. Anamutseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi.

Pansi amuna anawomba m'manja. Wina anati ameneyu akanakhala wanga ndikanagulitsa bwato. Wansomba anati bwato lakolo lotayikirali angakupatsepo theka la nyimbo. Anaseka. Wina, thovu lili kutsaya limodzi, anafunsa ngati Hilmi Bey wayiwala tsaya linalo.

Lumo linali litasiya.

Bwerezani, anatero Hilmi.

Anabwereza katatu.

10.
Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Agogo anawerenga onse khumi ndi asanu ndi awiri.

Hilmi anaima pachitseko akupukuta manja, akumwetulira. Anafunsa apongozi ake za maso awo. Anayamikira fungo la ndiwo. Kenako, mofatsa ngati akumeta mwana, anauza Nadide kuti zosoka zija zakwana. Mawa awoloke akatenge zake zonse kwa mphunzitsi wake, akatsazike bwinobwino kuti pasadzabwere wina kudzamufunsa, ndipo abwereko dzuwa lisanatsike. Iye atseka shopu msanga.

Amayi, musaiwale kumuthirira madzi.

Atatsika, Nadide anadzigwetsa pamphasa akuseka chamumtima. Mwaona? Sanandizindikire. Akufuna kundipezera mwamuna basi, ndidzalira masiku awiri nkhani nkutha.

Akamwetulira ndiitane, ndinati ndiitane. Koma agogo anali pomwepo kale, ndipo panalibenso wina woti aitanidwe.

11.
Zimene agogo analonga pansi pa thumba losokera, Nadide akusamba:

ndolo za Melek
shawelo yaubweya, ngakhale kunali kotentha
pepala la chidindo chofiira limene ankadziwa kuti ndi la kubadwa kwa mwanayo
chipeso
nkhuyu zouma zisanu ndi imodzi

Pamwamba anaikapo nsalu ndi ulusi.

12.
Lachinayi m'mawa. Azimayi akusesa m'makomo. Hilmi waima pakhomo pa shopu, chikopa m'dzanja. Agogo Zekiye aima pachitseko, jagi yodzaza mpaka m'milomo.

Nadide anayenda. Zaka makumi awiri, phazi lake lachitatu lisanatere, kumbuyo kunkamveka khwaa. Lero phazi lachitatu linatera. Phazi lachisanu. Lachisanu ndi chiwiri.

Anatembenuka. Agogo, mwagona choimirira?

Woimbira amuna ine sindimuthirira madzi.

Matsache onse anaima.

Ndinakumva dzulo, msewu wonse unakumva. Wandivula pagulu. M'nyumba muno ulibemo agogo, ulibemo mphasa. Mankhwala a m'maso ndithira ndekha, kuposa kugwiridwa ndi manja akowo.

Nadide anadikirabe. Anayang'ana jagi, osati nkhope. Mwana amene wathiridwa madzi moyo wake wonse amadziwa tanthauzo la miyala youma: pita, ndipo njira ikuiwale. Anakweza thumba paphewa nkutsika chakudoko, msana uli njo, ngati mmene amayendera ovina tango aja.

Amayi, thirani, anatero Hilmi chapansipansi.
Dzanja lachita dzanzi, bambo a Nadide.

13.
Masana sitima yaikulu inalira kawiri.

Hilmi anatsekabe shopu msanga. Anakhala pampando wometera kuyang'ana msewu. Kwecha. Kwecha. Mpaka chikopa chinang'ambika.

Ndere za pakhomo zinauma, zinasanduka fumbi. Mbale zina zinabwera, yachiwiri, yachisanu, tsopano dzina lonse lili pamwamba, akutero odziwa kuwerenga. Mawu ankatuluka m'mazenera a anthu, m'nyumba za khofi, pasitima yowolotsa. Atsikana ena nawonso anayamba kuimba nkhope zili poyera. Wansomba uja anamva kuti Nadide akafunsidwa za kwawo, amayankha kuti alibe aliyense.

Kalata sinabwere ngakhale imodzi. Agogo akuti ndi bwino choncho. Makalata amakhala ndi njira kumbuyo kwake.

14.
Ine Zekiye.

Melek anathawa, mukudziwa? Simukudziwa, palibe amene ndinamuuza. Linali Lachiwiri, bambo ake a Nadide ali kumzikiti. Anamanga kamtolo, anati amayi ndikapeza pokhala ndidzatuma munthu adzatenge mwana ndi inu. Ndinati pita. Ndinati thamanga. Anatsika, anatuluka, anafika pakona paja pogulitsa buledi, ndipo dzanja langali, ili, lopusali, linanyamula jagi palokha monga linazolowera, nkukhuthula pazenera.

Upite ngati madzi, ubwere ngati madzi.

Anakafika mpaka kudoko. Anaponda thabwa la sitima. Dzuwa lisanatsike ndinamva phazi lake pamasitepe, akuti amayi mtima wakana, sindingasiye mwana. Mwamuna wake anali atabwerako.

Masitepe aja saterera. Ndimawakolopa ndine.

Ndikanakuuza zoona, Nadide, ukanatsala chifukwa cha ine, kapena ukanabwera kudzanditenga, monga mayi ako anabwerera iwe. Mtundu wathu timafa nkubwerera.

Jagi ija ndinaikwirira pansi pa mkuyu kuseri, ikadali ndi madzi ake, kuopa dzanjali. Ndikamva mawu ako pazenera la wina ndimalikhalira, mpaka nyimbo ithe.

Dana nane, mwanawe. Usatope. Udane nane mpaka umere imvi.