Nkhata ya Sajeni Goma

Vainess anamva kutchalitchi kuti ku boma la Chama amanga chipilala cholemekeza asilikali akale, ndipo akazi amasiye akaikapo nkhata za maluwa. Sanadikire kuitanidwa. Mlendo ndiye amaitanidwa. Iye anali mkazi wamkulu wa malemu Sajeni Morris Goma, ndipo ku Kambombo ngakhale mbuzi zimadziwa kuti pa nkhata amayamba mkazi wamkulu, enawo pambuyo. Anachapa chitenje chake cha kutchalitchi, nakwezedwa pa njinga ya mnansi, fumbi lili koboo.

Ulemu umenewo anaugwirira ntchito. Morris ali kukampu ya asilikali anatengako mkazi wachiwiri, Damaris, wa m'tauni, wa zikhadabo zopenta. Vainess anameza malovu owawa n'kumalima chimanga chake, poti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma Morris atabwerako kokasungitsa mtendere kunja, miyendo itafa, chifuwa chikulira ngati chigayo, Damaris anati akupita kukaona mayi ake, ndipo anawaona mpaka lero. Anamusambitsa ndi Vainess. Anamubereka kumsana kupita naye padzuwa ndi Vainess. Mango akagwera pamalata, munthu wamkulu n'kuyamba kukuwa kuti akutiwombera, womugwira mutu n'kumutonthoza anali Vainess yemweyo.

Pabwalo anapeza tenti yoyera, mipando ya pulasitiki, ndi ana asukulu akuimba ng'oma zoguba. Asilikali akale, nkhalamba zotha mano, anawandandalika padzuwa ndi mamendulo awo pa majekete osuluka, kudikira mlendo wolemekezeka. Amene sanagwirepo ndi legeni yomwe ndiwo anali pamthunzi, akudzikupiza. Mtsikana wolandira alendo anayang'ana mapazi a Vainess, namulozera pansi pa mtengo.

Anakhala pansi osadandaula, chifukwa maso ake anali atapeza Teddy, mwana wake, kalaliki wa pa boma pomwepo, ali mu suti, akuthamangira uku ndi uku ngati mwini ukwati. Mtima unayamba kumuyera. Koma Teddy atamuona nkhope inagwa, natembenuka msanga kukakonza mpando umene unali wokonzeka kale.

Pampando woyandikana nawo panali mzimayi wovala zakuda kuyambira chipewa mpaka nsapato. Vainess anapukuta m'maso, nayang'ananso. Damaris! Zakuda lero, munthu woti pamaliro sanaponde, ngakhale nkhuku yopepesera sanatumize.

Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa litapsereza kale nkhalamba zija. Analankhula Chingerezi chambirimbiri, anthu n'kumawomba m'manja pamene sanamve. Kenaka wolengeza anagwira maikolofoni.

"Manje tiitana amayi Goma, mkazi wamasiye wa Sajeni Morris Goma, abwere aike maluwa."

Anaimirira awiri.

Damaris anatuluka mu tenti pang'onopang'ono, akupukuta m'maso mouma ndi kampango, napatsidwa nkhata. Vainess anadutsa pakati pa anthu, osapepesa aliyense amene anamuponda. Asanafike pachipilala, dzanja linamugwira pamkono. Anali Teddy.

"Amama, nkhalani pansi," ananong'ona. "Tizakamba kunyumba."

"Siunamve? Aitana mkazi wa atate ako."

"Namva. Koma kuli alendo, kuli makamera. Afuna munthu wokamba Chizungu pambuyo pake."

"Uyu wamuitana ndani?"

Teddy anayang'ana nsapato zake zopolishidwa. "Ndine, amama. Osanichititsa manyazi, chonde napapata."

Akanakhala wa komiti wina aliyense, Vainess akanamutukwana n'kumva bwino. Koma uyu anamuyamwitsa yekha, sukulu anamuphunzitsa ndi khasu, ndipo lero wamuona kuti ndi wakuda mapazi, wosayenera chithunzi. Zinamuwawa kuposa tsiku limene Morris anabwera ndi nkhani ya mitala. Anakutumula mkono wake, ndipo mawu ake sanafune maikolofoni.

"Iwe Damaris, imirira pamenepo! Ukalibe kuika, uza anthu aba. Mwamuna wako anagona kuti? Manda ake ali kuti?"

Ng'oma zinaleka. Damaris anayang'ana nkhata, nayang'ana mlendo wolemekezeka, kampango kali m'manja kopanda ntchito.

"Ku... kumudzi," anatero.

"Mudzi uti? Midzi ni yambiri. Wa atate ake olo wa amayi ake?"

Mwa nkhalamba zija imodzi inaseka mokweza, chiseko choipa, inzake n'kuigunda ndi chigongono. Wapolisi anayamba kusendera, koma atamva anthu a pansi pa mtengo akung'ung'udza, anakumbukira kuti lamba wake wamasuka.

Damaris sanali chitsiru. Anaona kumene mphepo yalowera, natambasula manja kupereka nkhata ija. "Tengani, akulu. Ine ananiuza chabe kuti nibwere."

Vainess anailandira. Inali yopepuka, ya maluwa a pulasitiki. Chipilala chinali pomwepo, penti wake asanaume bwino, ndipo anthu onse anadikira kuti awerame, aike, mwambo upitirire. Ndi chimene anadzera. Koma mkwiyo unali usanathe, ndipo mwini wake weniweni anali ataima kumbuyo kwake, thukuta likutsika mu kolala.

Anatembenuka. "Teddy, mlendo wako saziwa. Muuze iwe. Atate ako tinawaika kuti?"

Nthawi ya maliro Teddy anali ku koleji, mitsinje itadzaza, ndipo aliyense anamumvetsa. Koma mitsinje ija inaphwa, n'kudzazanso, n'kuphwanso, iye ali pa boma pomwepa, ulendo wa njinga chabe. Ku Kambombo amabwera kudzanyamula ufa n'kubwerera dzuwa lisanapendeke.

"Amama..."

"Siniika maluwa pa simenti, mwamuna wanga ali na manda." Anamukankhira nkhata ija pachifuwa mpaka anaigwira. "Nyamula. Tiye ukaike pa atate ako. Ine nizakukonkha kumbuyo. Tsogola."

Anthu anapatuka, nasiya njira yotakasuka yolowera kumsewu. Teddy anaima pakati pa bwalo, nkhata ili m'manja, akuyang'ana mayi ake kuti mwina amulozera ndi mlomo. Vainess anapinda manja pachifuwa, nadikira.