Jumbo Yakuda M'mimba mwa Yuleidis

Kunatsala milungu isanu kuti mpikisano uchitike, koma Yuleidis anali asanathamangepo makilomita oposa asanu ndi atatu. Mpikisanowo unali wa makilomita 21, wothandiza odwala impso mumzinda wa Barranquilla. Analembetsa chifukwa cha mlongo wake Wilfrido, amene katatu pa mlungu ankakagona pa makina osefa magazi. Madokotala anali atapeza kale kuti Yuleidis akhoza kumupatsa impso imodzi, ndipo opaleshoni inali yoti ichitike mwezi wotsatira mpikisanowo.

Mtima wa Yuleidis sunkakhala m'malo. Akamakazinga arepa, zitumbuwa za ufa wa chimanga, pamalo pake ogulitsira, maso ankangokhala kumsewu wa m'mbali mwa mtsinje, kumene othamanga anzake ankadutsa liwiro la mtondo wadooka. Kawiri konse anapsereza arepa akuwerenga masiku.

Pafupi naye pankagulitsa madzi a zipatso a Eusebio, amene ankati kale anali katswiri wa nkhonya, ngakhale palibe anawaonapo akumenya ndi ntchentche yomwe.

"Vuto lako ndi thupili, mwanawe," anatero a Eusebio. "Kulunga jumbo yakuda m'mimbamo, uzithamanga dzuwa lili paliwombo. Madzi usamwe, amalemetsa. Ife tinkatero."

"Sindikafa nazo, a Eusebio?"

"Ineyo ndinafa?"

Munthu wothedwa nzeru sasankha aphungu. Masiku asanu ndi anayi Yuleidis anathamanga atadzikulunga, thukuta lili kamukamu, iye n'kumakondwa kuti mafuta akusungunuka. Tsiku lakhumi miyendo inauma gwa, mkodzo unada ngati khofi. Anaona, anachita mantha, komabe anamanga nsapato. Anakagwa pamalo okwerera basi.

Kuchipatala anamulandira ndi Nelsy, namwino yemwe uja amene ankalumikiza Wilfrido ku makina. Anadula jumboyo ndi sizasi, n'kumuika diripi.

"Achemwali, chimene chimatuluka apa ndi madzi, si mafuta," anatero Nelsy. "Thupi likauma chonchi, zoyamba kupweteka ndi impso. Woyamba kumene amathamanga m'mawa kusanatenthe, amamwa madzi, amawonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo masiku ena amapuma. Inu mumaphika impso mu pulasitiki, pamene ina mwa izo si yanunso."

Zotsatira za magazi zitabwera, dokotala anati impsozo zavulala koma zichira. Mpikisano auiwale. Opaleshoni ayamba aiimika miyezi inayi, mpaka adzamuyezenso.

Miyezi inayi ya Wilfrido pa makina! Yuleidis analira ndi manyazi. Atatulutsidwa m'chipinda cha odwala anazungulirazungulira pakhonde, kenako analowa m'chipinda cha makina kukaulula yekha. Wilfrido anamvetsera ali chigonere, milomo itauma, machubu ali pamkono. Sanakalipe. Anangoloza kabotolo kakang'ono kamene kanali pambali pake.

"Ine amandiyezera madzi, mlongo wanga. Awa ndiwo a tsiku lonse, chifukwa ndikapitirira amandidzaza m'chifuwa. Ndimachita kulota ndikumwa pampopi. Iwe uli nawo a mbwee, ndiye umawakana?"

Yuleidis anakhala pampando, n'kumugwira dzanja mpaka makina anamaliza.

Phunziro: Pokonzekera mpikisano, funsani a zaumoyo, osati wodzitama wa pamsewu. Thukuta si mafuta, ndipo thupi limene mukulizunzalo pali wina amene akulidalira.