Kiyi wa a Alufeo

Ndinabwerera ku Dedza mu Epulo 1959, nditatchona zaka khumi ndi zinayi ku migodi ya ku Joni. Ndinabwera ndi sutikesi ya mabuku ndi chifuwa chosamva mankhwala. Pa mabuku onsewo panalibe limodzi londiuza ngati chinali fumbi la mgodi, kapena chifuwa chachikulu chimene ndikanapatsira ana a mlongo wanga, omwe ndinkagona nawo nyumba imodzi.

Pachipatala cha mishoni cha kufupi ndi kwathu panali makina a ekisire ojambula m'chifuwa. Ndinapeza chipinda chake chili chokhoma. Pakhonde panali Dorika, amene ndinamulonjeza ukwati ndisanakwere lole ya Wenela. Tsopano anali namwino, ndiponso mkazi wa a Alufeo.

A Alufeo ndiwo ankayang'anira chitetezo cha makinawo. Chikalata cha boma chowaloleza chinali ndi dzina lawo lokha. Ankaveka anthu epuloni yolemera, ndipo mwezi uliwonse ankayesa ngati cheza cha makinawo chikubowola khoma. Asilikali anawatenga mu Malichi pamodzi ndi anzawo a Kongiresi, tiyi akadali m'kapu. Asisitere analembera ku Zomba kupempha munthu wina. Zomba, monga mwa masiku onse, inali kuganizabe.

"Ndamva kuti kiyi wa chipindachi muli naye ndinu," ndinatero kwa Dorika.

"Ndili naye, a Yeremiya." Anagwira chingwe cha m'khosi mwake.

"Ndipo mumadziwa kuyatsa makinawo."

"Kuyatsa n'kosavuta. Koma kuseri kwa khomalo kumagona amayi oyembekezera. Amene amadziwa ngati khomalo likadatchinga ndi amuna anga, bambo a Jestina. Anandipatsa kiyiyu ali kale m'galimoto, n'kuti asatsegule wina mpaka abwere."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Ngakhale inu mwabwera."

Ndinayang'ana kuminda ya nyemba ya kutsetsereko, kumene kale ndinkamudikira. Panali patamangidwa khola la nkhumba.

"Kamodzi kokha, Dorika. Ndidziwe chabe."

"Zaka zonsezi simunatumize ngakhale chithunzi cha nkhope. Lero mukufuna ndikujambuleni za m'kati?"

Ndinafuna kuseka, koma chifuwa chinanditsogolera. Ndinatsokomola mpaka kugwira mzati. Iye anadikira kuti ndithe, kenaka anandikhazika pabenchi, n'kundikweza malaya, n'kuika khutu lake pamsana panga. Linali lozizira ndi mphepo ya kumapiri, ndipo tsitsi lake linkanunkhira utsi wa nkhuni za kwathu.

"Pumani. Pumaninso."

Ndinapuma pang'onopang'ono, kuti asafulumire kuchotsa khutulo.

"Kumanjaku kukulira," anatero potsitsa malayawo. "Lachisanu lole imatenga odwala kukajambulidwa ku Lilongwe. Ndikulembani dzina. Kufikira tsikulo muzigona panokha, kutali ndi anawo."

"Zimenezo ndinazolowera," ndinayankha.