Tsitsi la Lucia

Pamene amayi a gulu la chimtali ankalowa m'tauni ya Katete, dzuwa linali litayamba kale kuwotcha m'makosi. Lucia anali kumbuyo kwenikweni, atasenza ndowa ya thobwa. Anzake onse anavala zitenje zofanana zachikasu, akuseka ndi kuyeserera kaponyedwe ka miyendo mumsewu momwemo. Iye yekha anali mu nsalu yakuda yofwifwa, kumutu atamanga duku lakuda. Ananyamuka mmamawa kumudzi kwawo, cha ku Mkaika, chifukwa linali tsiku lokumbukira ufulu, mu Okutobala wa 1984, ndipo pabwalo la mpira panali mpikisano wa magule.

Lucia sankapita kukavina. Mwamuna wake Anthony anamwalira mu Febuluwale, ndipo mpaka tsikulo m'meto wachiwiri, umene umatsiriza maliro, unali usanachitike. Mkazi wamasiye asanametedwe ndi kusudzulidwa ndi abale a mwamuna wake savina, sayimba, sapesa, sadzola mafuta. Amangokhala ngati mlendo pakhomo pake pomwe. Kwa miyezi isanu ndi itatu tsitsi lake linali litapotana pansi pa dukulo, likuyabwa ndi thukuta, ndipo iye anali atatopa, kutopa kumene tulo sitikuchotsa.

Woyenera kutchula tsiku la m'meto anali mlamu wake Valentino, mkulu wa malemuyo, wokonza njinga ku Sinda, munthu wa pakamwa pokoma koma wovuta kumupeza pakhomo. Poyamba anati tikakolola. Atakolola anati tikagulitsa thonje. Thonje litapita anati tidikire amalume a ku Vubwi. Tsopano mitambo inali itayamba kusonkhana masana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa palibe amafulula mowa wa m'meto: anthu amakhala ali kumunda, nkhokwe zitapepuka. Zikatero Lucia anayenera kukhala mu nsalu yakudayo mpaka chilimwe china.

Chimodzi chokha chinali chodziwika pa Valentino: sankaphonya chisangalalo. Kumene kwalira gitala, iye amakhala atafika kale. N'chifukwa chake Lucia anapempha mkulu wake Getrude, mtsogoleri wa gululo, kuti awanyamulire thobwa, apeze podzera. Getrude anavomera monyinyirika, ndipo ali pachipata cha bwalo anamukumbutsanso.

"Ukakhale patali ndi ovina, pakamwa utseke. Munthu uja akungofuna pogwira kuti akuchedwetsenso."

Anauzidwa kuti magule ayamba naini koloko. Naini inakwana, teni inakwana, mlendo wolemekezeka wochokera ku Chipata osaoneka. Mithunzi yonse inali italandidwa kale ndi ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa, moti amayiwo anakhala padzuwa, atafunda zitenje kumutu ngati ali pamaliro. Woyimba ng'oma wawo, bambo Samuel, anawamba ng'oma pamoto wa udzu katatu konse, ndipo katatu konseko inazizira asanaitanidwe. Thobwa linatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mlendo atafika panayamba zolankhula, ndipo aliyense woyimirira ankalonjeza kuti salankhula zambiri, kenaka n'kutulutsa mapepala m'thumba.

Kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi msasa wa mowa, kunali bandi ya anyamata a m'tauni, magitala atalumikiza ku batire ya lole. Iwo sankadikira mlendo kapena wina aliyense. Anayamba mmawa ndipo fumbi linali kobo kumeneko. Lucia ankaponyako maso pafupipafupi, koma anthu anali atathithikana kwambiri moti sakanatha kuzindikira munthu.

Gulu lawo linaitanidwa dzuwa litapendeka, miyendo itafa kale dzanzi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi woyambitsa nyimbo m'gululo anali Lucia. Mawu ake ankamveka kutsidya kwa dambo, ndipo amayi ankangowatsatira osaganiza n'komwe. Chaka chimenechi malo ake anapatsidwa kwa Ursula, mtsikana wa mawu okoma ndithu, koma ozolowera pabwalo la pamudzi, pamene nyumba zimabweza mawu. Apa panali pamtetete, mphepo ikuwomba, bandi ija ikulirabe.

Ursula anayang'ana khamulo, nayamba nyimbo motsika ndiponso mothamanga. Amene anali pafupi naye anamva navomera. Amene anali mbali ina ya mzere wozungulira sanamve kanthu, anangoona milomo ikugwedezeka. Theka linaponya mwendo kumanja, theka lina kumanzere, ndipo amayi awiri akuluakulu anagundana mapewa. Bambo Samuel anayesa kuwakoka ndi ng'oma koma sanadziwe kuti atsatire ati. Anthu anayamba kuseka, wina nakuwa kufunsa ngati amayiwo anali atadya.

Lucia anali chiimire pambali, ndowa yopanda kanthu ili pamapazi. Nyimboyo inali yake, anaipeka yekha akusenda nsawa zaka zitatu zapitazo. Ankadziwa pamene inathyokera, ndipo ankadziwa kuti mzere umodzi wokha, woponyedwa mokweza, ukanawabweza onse m'njira. Pakhosi pake panatseguka pokha. Getrude anamuyang'ana kamodzi ali mkati movina, maso opempha, kenaka anakumbukira mawu ake omwe nayang'ana kumbali. Lucia anatenga nsonga ya nsalu yake yakuda, naiika mkamwa, nailuma mpaka nsagwada zinawawa. Wolengeza anawathokoza amayi a ku Mkaika asanayambe n'komwe nyimbo yachiwiri, ndipo anatuluka m'bwalo atazyolika, Ursula akulira.

Zinamupweteka Lucia kuposa mmene ankayembekezera. Koma anadziuza kuti wasunga mwambo pamaso pa Katete yense, ndipo palibe angamunene kanthu. Anasiya ndowa ndi anzake napita kumsasa wa mowa.

Sanavutike kumupeza. Valentino anali pakati penipeni pa fumbi, chikho m'manja, mutu wometedwa bwino ukunyezimira mafuta, akuvina ndi mayi wina wa nsapato zazitali. Ndi kutentha konseko anali atavala jekete. Lucia analizindikira asanaone nkhope ya wovalayo: linali la Anthony, ndipo pathumba panali chipsera chimene iye mwini anawotcha ndi simbi. Maliro atangotha Valentino anatenga jeketelo pamodzi ndi njinga ndi wailesi, akuti akasunge mpaka tsiku la m'meto, pamene katundu wa malemu amatulutsidwa ndi kugawidwa anthu onse akuona. Apa m'pamene Lucia anamvetsa chifukwa chake amalume a ku Vubwi sankafika.

Anadikira nyimbo ithe, nagwada m'fumbimo monga achitira mkazi kwa mlamu wake wamkulu.

"Alamu, ndimafuna inuyo. Ndabwera kudzamva tsiku. Mvula ili pafupi."

Valentino anadzidzimuka pang'ono, kenaka anayang'ana anthu amene anawazungulira nakweza mawu. Akamwa ankalankhula chitauni.

"Mulamu, manje mufuna chani kuno? Wamasiye pa dansi? Ine nenze nakonza kale pulogalamu yonse ya sabata yamawa, shuwa. Manje onani vamene mwachita."

"Sindinavine, alamu. Sindinayimbe. Funsani aliyense."

"Kuyimba olo kusayimba, anthu akuonani pano. Amalume akamva azakamba chani? Kuti mubale wanga sanaliridwe. Iyi nkhani yavuta manje. Tizaikamba mvula ikasila."

Zoti nkhaniyo idikire mpaka mvula ithe anazinena mopepuka, ngati munthu amene wapeza chimene ankasowa. Lucia anakhalabe chogwada kanthawi. Sanakwiye monga ankaganizira kuti akwiya. Anangomva thupi lonse kulemera. Anaona kuti akanayimba kapena kusayimba, akanabwera kapena kukhala kumudzi, yankho likanakhala lomwelo. Anadzuka, nasansa fumbi m'mawondo.

"Jeketelo musalinyowetse kwambiri ndi thukuta," anatero. "Mwini wake ankalisungira ku tchalitchi."

Magitala anayambanso, ndipo Valentino anatembenuka msanga ngati sanamve.

Lucia anawoloka msewu waukulu napita kusitolo ya amayi Hajira, kumene ankagulitsa nsawa chaka chilichonse. Amayi Hajira anali Msilamu wobadwira ku Malawi, ndipo ankayendetsa okha sitoloyo chimwalirire amuna awo. Masiku amenewo m'mashelefu munali mbee, munangotsala machesi, mchere ndi tinthu tina tating'ono. Anamupatsa madzi m'kapu ndi mpando pakhonde, namufunsa chifukwa chake anali adakali mu zakuda. Lucia anafotokoza zonse, mopanda misozi, ngati akunena za munthu wina.

"Kwathu timawerenga miyezi inayi ndi masiku khumi," anatero amayi Hajira. "Akakwana, umasamba n'kutuluka panja. Sitipempha tsiku kwa munthu. Koma ndi zakwathu zimenezo, mwanawe, zakwanu ndi zina."

Lucia ananyamula kapu ija. Anamwa madziwo pang'onopang'ono, akuyang'ana anthu akuyamba kubalalika kubwalo. Kenaka anamasula mfundo ya pansalu yake napempha lezala limodzi. Amayi Hajira anamuyang'ana nthawi yaitali, koma wogulitsa safunsa kuti lezala likukameta ndani. Analitulutsa m'kabotolo, nawonjezerapo kachidutswa ka sopo ndi beseni la madzi, namuuza kuti kuseri kwa sitolo kuli mthunzi.

Getrude anamupeza kumeneko, atakhala pamwala, duku lili pamwendo. Amayi ena anali atatsogola kale, otopa ndi amanyazi, ndipo iye anabwerera kudzafunafuna mng'ono wake. Ataona tsitsi lili pamtunda, beseni ndi lezala, anaika manja kumutu.

Anayesa kumuletsa, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Anati abale a Anthony adzanena kuti ndiye anapha mwamuna wake. Anati abalewo sadzapondanso pakhomo pa Lucia, ngakhale mwana wake adwale kapena akwatiwe. Anati njinga ndi wailesi aiwale. Anati palibe anametedwapo popanda mowa, kuseri kwa sitolo ya eni, ndipo mzimu wa malemu ungakwiye n'kugwira ana ake. Zimenezi Getrude ankaziopa zenizeni.

Lucia anamvetsera mpaka mkulu wake anatha mawu.

"Asisi, Anthony ndamulira mokwanira, ndipo iye akudziwa. Amene ndikumulira tsopano ndi Valentino, munthu wamoyo, ali apo akuvina. Mowa ndidzafulula ndekha, ndikathire pamanda, ndimuuze mwamuna wanga mmene zayendera. Koma mvula isandipeze ndi tsitsi ili."

"Nanga akadzafunsa kuti anakumeta ndani?"

"Mukakana ndidzimeta ndekha, ndidzicheke. Adzafunsabe kuti mkulu wake anali kuti."

Getrude anakhala chiimire, akuyang'ana kumsewu ngati kukubwera wina woti amuthandize. Kunalibe aliyense, koma malole odzaza ndi ana a sukulu obwerera kwawo. Anapuma mozama, navula chitenje chake chachikasu cha gule, nachikulunga m'mapewa mwa mng'ono wake kuti tsitsi lisagwere m'khosi. Ananyowetsa manja, napaka sopo, ndipo zala zake zitalowa m'tsitsi lopotanalo n'kukhudza zilonda zimene zinali pansi pake, anasiya kutsutsa.

"Ukanandiuza kuti m'mutumu mwafika potere," anatero motsitsa. "Weramitsa mutu, usagwedezeke."

Lucia anaweramitsa mutu. Lezala linali latsopano koma tsitsi linali lolimba, moti Getrude ankameta pang'onopang'ono, akutsuka m'beseni. Kubwalo bandi inali ikulirabe, ndipo mwina Valentino anali adakavina. Tsitsi la miyezi isanu ndi itatu linkagwa m'fumbi pakati pa makoko a nzimbe, ndipo mphepo ya madzulo itakhudza khungu la pamutu pake, Lucia anayamba kulira, ulendo uno popanda womulamula.