Mawu Ojambulidwa Kuseri kwa Katani

Namwino wa m'chipinda cha kulera ankafuna kudziwa chifukwa chimene amayi ambiri ankasiyira njira zolerera chaka chisanathe. Analemba ndondomeko ya kafukufuku wake n'kuitumiza ku komiti ya chigawo, yomwe imaunika kafukufuku aliyense wokhudza odwala asanayambike. Mvula inagwa mpaka kusiya, yankho osabwera.

Mnzake wa ku labotale, amene anthu ankangomutchula kuti Chidule, anamuseka. Anati komitiyo imakumana pokhapokha tiyi ndi masikono zikapezeka, ndipo kufunsa mafunso si kubaya munthu jakisoni.

"Yambanipo asisitala, chilolezo chikupezani m'njira."

Anayambadi. Mayi akalowa kuseri kwa katani, namwinoyo ankaika foni patebulo pafupi ndi bokosi la magolovesi, n'kunena kuti akujambula mawu pofuna kuthandiza chipatala. Amayiwo ankangogwedeza mutu, monga amachitira ndi chilichonse chonenedwa ndi munthu wa yunifolomu. Mmodzi, wogulitsa makala, wa ana asanu, analankhula nthawi yaitali. Anaulula kuti anaikitsa njira yolerera ya pamkono mwamuna wake osadziwa, chifukwa mimba yomaliza inatsala pang'ono kumutenga.

Pa msonkhano wa ogwira ntchito, namwinoyo anatsegula mawuwo kuti anzake adzimvere okha. Dzina sanatchule. Koma kumbuyo kunakhala dalaivala wa ambulansi, mng'ono wake wa mwamuna wa mayi wa makala uja, ndipo mawu a alamu ake sakanawasokoneza ndi a munthu wina.

Sabata yotsatira mayi wa makala uja anabweranso. Sanapereke moni. Anakhala pampando n'kupinda mkono wa bulauzi.

"Muchotse."

Namwino anayesa kumufotokozera za njira zina, koma mayiyo anapukusa mutu. Anati mwamuna wake wamva zonse kwa mng'ono wake ndipo wamuuza kuti asankhe, kuchotsa kapena kulongedza katundu n'kusiya ana. Ananena zimenezi ngati akunena mtengo wa makala, maso ali pakhoma. Namwino anavala magolovesi, anapukuta pamkonopo, anabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Manja ake ankagwira ntchito okha. Atamaliza kumanga bandeji anafuna kupepesa, koma mayiyo anali atatuluka kale.

Mbiri inafalikira kuti foni ya m'chipinda cha kulera imalankhula. Benchi ya panja inayamba kukhala yopanda anthu, ndipo namwino ankangokhala tsiku lonse akuyang'ana katani. Chidule akakumana naye m'khonde ankakhotera kwina.

Wapampando wa komiti, mayi wachikulire amene anagwira udokotala zaka zambiri, anamuitanitsa namwinoyo. Sanamukalipire. Anavomera kuti komiti inachedwadi, ndipo cholakwa chimenecho ndi chawo. Koma anati munthu akaona kuchedwa amabwera kudzagogoda, osati kudumpha mpanda.

"Mwana wanga, ife tikanakufunsa zinthu zochepa. Mawuwa adzawamva ndani? Udzawasunga kuti? Mayiyo wamuuza kuti akhoza kukana n'kuthandizidwabe bwinobwino? Funso lako linali labwino, koma chinsinsicho sichinali chako."

Analamula kuti mawu onse afufutidwe ndipo kafukufukuyo aimitsidwe. Namwino anafufuta pomwepo, mayi mmodzimmodzi, chala chikungodina. Sanalire. Anabwerera kuntchito n'kukatsuka zida zimene zinali zotsuka kale.

Miyezi itapita, anamusinthira ku sikelo ya amayi oyembekezera. M'mawa wina, akuitana amene anali pamzere, anaona mayi wa makala uja atakhala kumapeto kwa benchi, mapazi atatupa, mimba itatuluka. Nthawi yake itakwana mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, n'kufunsa mwaulemu ngati panalibe namwino wina.

Phunziro: Kafukufuku wokhudza odwala asayambike komiti isanavomereze. Chilolezo chimateteza munthu amene wakhulupirira wachipatala n'kumuuza zakukhosi. Komiti ikachedwa, ikumbutseni, musayambe nokha.