Khutu la Alamu

Mphepo imene inaomba Lachiwiri m'mawa sinasasule denga la munthu, koma zikwangwani inazichita chipongwe. Pofika masana, pakhomo pa shopu ya Mai Guluu panali mulu wa zong'ambika: cha sukulu ya mkaka, cha ogulitsa matayala, china chosadziwika n'komwe mwini wake. Dzina la Guluu anawapatsa ndi anthu a mumsewuwo chifukwa cha zala zawo, zomwe sizinkayera ngakhale azikweche chotani. Ntchito yawo inali yomata ndi kusoka zikwangwani zapulasitiki zopachika panja, ndipo mphepo ankaitcha bwana wawo, poti ndi imene inkawalemba ganyu.

Ali mkati moyeza, panaima kagalimoto ka sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Munatsika alamu awo, amuna a achemwali awo aakulu, atasenza chimpukutu paphewa, nkhope ili gwa ngati akuchokera kumaliro. Sanadikire moni. Anachiyala pathebulo, ndipo Mai Guluu anangoona alamu awo omwewo akuwamwetulira, mutu wokha kutalika kwake kuposa chitseko.

Chikwangwanicho chinali cha wometa wa pamphambano. Zaka zisanu zapitazo wometayo anajambula alamuwo atangowameta, tsitsi lili bii, mzere wapambali uli tsaa, n'kupachika chithunzicho pamwamba pa khomo lake. Chipachikireni, dazi linayamba kuwadya. Linayamba ngati kabwalo ka ana, kenako linakula mpaka kufika m'makutu. Tsitsi lawo lonse tsopano linali pachikwangwanipo, ndipo aliyense wophunzira galimoto ankauzidwa kuti akhote pamene pali aphunzitsi ake.

Mphepo inali itaching'amba kuchokera pamwamba, kudutsa m'tsitsi, kutsika mpaka paphewa. Timphete tachitsulo todutsa chingwe tinali titazuka tinayi. Alamuwo anafotokoza kuti wometa wanena zochitaya, akuti akufuna nkhope ya mnyamata wa makono kuti achinyamata azikopeka. Ananena izi akuyang'ana kukhoma. Anawonjezera kuti iwo alibe nazo ntchito kwenikweni, kungoti mdzukulu wawo amachibayibitsa tsiku lililonse popita kusukulu.

Mai Guluu anafuna kuseka, koma anaona kuti lero si tsiku lake. Anangolumikiza mbali ziwirizo ndi manja, ndipo m'pamene anaona vuto.

"Alamu, khutu lili kuti?"

Khutu lakumanzere panalibe. Mphepo inapita nalo, n'kusiya bowo loti mwana n'kupisapo mutu. Alamuwo anabwerera kumphambano, anasuzumira m'ngalande, anafunsa amayi ogulitsa zipatso ngati atola khutu la munthu. Amayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nawauza kuti onse awiri ali pomwepo. Anabwerako chimanjamanja.

Nthawi imeneyi Mai Guluu anali atatsuka chikwangwanicho ndi sopo, chifukwa guluu ndi fumbi sizimwerana madzi. Chitauma anachitembenuza chafufumimba, nalumikiza pong'ambikapo pang'onopang'ono ndi tepi kuti tsitsi likumane ndi tsitsi linzake. Anadula chigamba chachitali, makona ake n'kuwazungulitsa, poti kona yosongoka ndi imene mphepo imayambira kutokosa. Anakwecha ndi sandipepa, napaka guluu mbali zonse, nadikira kuti ayambe kunanda. Alamuwo ankangofunsa ngati wauma. Mai Guluu anawapatsa botolo kuti azigudubuza pachigambapo kuchotsa mpweya, mwina pakamwa pangapume.

Za khutu anazisiya komaliza. Pansi pa thebulo panali katoni ya zotsalira za zikwangwani zakale, ndipo anaikhuthulira pansi. Munatuluka diso la munthu, theka la nkhuku, foni yopanda mwini, zilembo zosawerengeka. Makutu anapezekamo awiri. Lina linali la khanda la pachikwangwani cha sopo, koma linali lakumanja. Linalo linali lakumanzere, kukula kwake kofanana ndendende ndi bowolo, koma linali la mtsikana, ndipo kunsi kwake kunkalendewera ndolo yofiira.

Alamuwo anakana kwamtuwagalu. Anati bola akhale opanda khutu kusiyana n'kuti ophunzira awo awaone atavala ndolo. Anati aidule. Mai Guluu anawauza kuti akaidula khutulo lioneka ngati lolumidwa ndi khoswe, ndipo penti imasupuka padzuwa mwezi usanathe. Anaganiza pang'ono, kenako anatenga lumo n'kuboola pamene panali ndoloyo, nadula kachidutswa pakhutu la khanda lija n'kukamata kuseri. Kenako anamata khutu lonse pamalo pake, naliuzira mpweya wotentha kuti m'mphepete mugwirane.

Atachitembenuza, onse awiri anachiyang'anitsitsa. Nkhope ya alamuwo inali itasuluka ndi dzuwa la zaka zisanu, pamene khutu latsopanolo linali lowala, lonona, la munthu wodya bwino.

Apa ndi pamene achemwali anatulukira, akuchokera kuntchito kwawo kuchipatala. Anali atamva kale kwa amayi a zipatso kuti amuna awo akusakasaka khutu m'ngalande. Anaika chikwama pampando, nayang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Zaka makumi atatu ndikulankhula m'khutu lakale lija, silinamvepo kanthu," anatero. "Mwina ili la mtsikana lizimva."

Alamuwo anayesa kukwiya, koma phwete linawapulumuka, ndipo Mai Guluu anamasuka kuseka zimene anasunga chiyambire masana. Anasoka mpendero watsopano pamakina, nakhomerera timphete tinayi, natenganso lumo kuti aboole timipata tonga mwezi watsopano todutsa mphepo. Alamuwo anaphimba nkhopeyo ndi manja onse awiri. Anagwirizana kuti timipatato tikhale pajekete ndi kumbuyo, koma kumaso kusakhudzidwe.

Chinatsala ndi wometa. Onse atatu ali m'galimoto, chimpukutu chitatulukira pazenera, Mai Guluu ankakonza mawu oti akamuuze. Sanafune kunama. Chikwangwanicho chinali chitakalamba, mwina chikanapirira chaka chimodzi basi, ndipo ankafuna kumupempha kuti angochilola chimalize masiku ake.

Mawuwo sanafunike n'komwe. Wometayo anawathamangira galimoto isanaime bwino, lumo lili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anati chichotsereni chikwangwanicho sanapume. Amayi awiri anabwera kudzafunsa ngati abambo aja amwalira, ndipo wina anayamba kale kulira. Wobweretsa katundu anadutsa pamphambanopo katatu osapazindikira. Kasitomala wina anaimba foni kufunsa kumene wasamukira.

"Achimwene, ndinalankhula mothamanga m'mawa muja," anatero. "Kwerani, mubwerere pamalo panu."

Alamuwo anati aganizire kaye, poti nawonso ali ndi ulemu wawo. Anaganizira nthawi yongokwanira kuti makwerero afike. Amene anakwera anali Mai Guluu, chifukwa mfundo za anthu ena sankazikhulupirira. Anamanga chingwe chotamuka m'malo mwa waya, akufotokozera wometayo ali pamwamba pomwepo kuti chikwangwani chomangidwa kolimba kwambiri n'chimene chimang'ambika, chimafunika chizipuma. Alamuwo anaima tsidya lina la msewu akulamula kuti chikwere pang'ono kumanja, ayi chitsike, mpaka achemwali anawakoka malaya.

Munthu akaima pamsewupo, mzere wong'ambika uja sunkaoneka. Khutu lokha ndi limene linkawala, koma odutsa sanaime. Amayi a zipatso anakweza maso, nati takulandiraninso, n'kupitiriza kusanja malalanje awo.

Wometayo anaumirira kuti alamuwo alowe awapale dazi ndi kuwakonza ndevu, kupepesa kwake. Iwo analowa monyadira, nakhala pampando, nafunsa ngati pali mafuta onunkhira aja. Achemwali anaona kuti zimenezi zitenga nthawi, poti awiriwo akayamba za mpira sasiya. Anatenga makiyi a galimoto m'thumba la jekete la amuna awo, nauza mng'ono wawo kuti akwere amuperekeze kushopu. Galimotoyo inazima kawiri isanachoke pamphambanopo, alamuwo akukuwa za kilatchi pazenera, thovu lili kukamwa.